Tsiku Limene Ndinazimitsa Wailesi ya Ankolo

Chaka chimene ndinasiya sukulu, anthu amene ndinkawamva kwambiri anali awiri amene sindinawaonepo nkhope. Anali mwamuna ndi mkazi, oyendetsa podikasiti ya wailesi ina yaikulu yosachita malonda, ndipo sabata iliyonse ankakambirana za mitundu ya anthu, za khungu ndi za chikhalidwe. Ndinkawamvera m'basi popita ku Edmonton, kumpoto kwa London, kumene ndinkapakira masangweji mu fakitale yozizira ngati mochale. Ndinkawamveranso pobwerera. Nthawi zina ndinkawayankha mokweza, mpaka wokhala pafupi nane kusamukira mpando wina.

Sikuti ndinkawakonda. Ankaseka kwambiri, ndipo ankati "ife anthu akuda" ngati tonse tinabadwira m'nyumba imodzi. Ankakamba za a ku Jamaica, a ku Nigeria, a ku Ghana, a ku Somalia. Dzina la Malawi sanalitchulepo. Koma m'chipinda changa munalibe wina wolankhula, ndiye ndinkangowasiya azibwebweta. Mayi anga anali atasamukira kumpoto kwa dziko lino ndi mwamuna wawo watsopano, ndipo pafoni funso lawo linali limodzi: ubwerera liti ku yunivesite? Foni zawo zambiri ndinkangoziyang'ana mpaka zitaduka.

Ku yunivesite, ku Greenwich, ndinkaphunzira utolankhani wa pa wailesi. Ndinasiya m'chaka chachiwiri. Anthu amafuna chifukwa chachikulu, koma palibe. Ndinatopa kukhala m'kalasi momwe Afirika akangotchulidwa mitu yonse inkatembenukira kwa ine ngati ndine kazembe. Tsiku lina ndinaima pa siteshoni, ndinaona sitima ikubwera, ndinaisiya ipite, ndipo ndinabwerera kukagona. Basi. Chimene ndinatulukako nacho ndi luso lojambula mawu. Lamulo loyamba limene anatikhomerera linali lakuti usanayambe, zimitsa chilichonse chosokosa. Firiji, fani, wailesi. Tseka zenera. Mawu a munthu amamveka bwino pachete.

Mu London monse munali munthu mmodzi yekha amene ankandilankhula Chichewa maso ndi maso. Sanali m'bale wanga. Tinakumana mu golosale ya mayi wina wa ku Lusaka ku Tottenham, ine ndikukangana ndi mayiyo chifukwa cha chinangwa chakuda mkati.

"Iwe, sindine n'nalima," anatero mayiyo. "Tenga olo siya."

Kumbuyo kwanga bambo wina wokalamba, wovala jekete ndi tayi Loweruka masana, anaseka. "Pakamwa ngati apa ndi pa ku Ndirande basi."

Ndinatembenuka kuti ndiwayankhe zowawa, koma anali atalasa. Ndinakuliradi ku Ndirande ndisanabwere kuno. Anandisankhira chinangwa chabwino, akuchikanda ndi chikhadabo, kenako anati ndikawaone Lamlungu. Ndinapita chifukwa ndinalibe kwina kopita.

Ndinkawatchula Ankolo. Iwo ankanditchula "wa ku Ndirande" akafuna kundiputa, ndi "mwana wanga" akatopa. Anathawa ku Malawi nthawi ya chipani chimodzi, anakhala ku Zambia zaka zingapo, kenako anafika kuno n'kuyendetsa mabasi mpaka kupuma. Akazi awo anamwalira ine ndisanawadziwe. Anali ndi mwana mmodzi wamkazi, namwino pa chipatala chachikulu cha ku Edmonton, amene anakulira kuno. Chichewa amachimva, koma amayankha m'Chingerezi.

Lamlungu lililonse masana ndinkakwera masitepe a fulati yawo, kuvula nsapato pakhomo, ndi kupeza tiyi wa mkaka wambiri ndi chinangwa chophika chothira mchere. Sankandifunsa za yunivesite. Ankandifunsa ngati mtsinje wa Mudi unkanunkhabe, ngati ana ankaseweretsabe mawaya, ngati anthu ankakwerabe phiri kukapemphera. Ndikayankha mwamwano ankaseka mpaka kutsokomola. Kuchotsa Lamlungu limenelo, moyo wanga unali masangweji, basi, ndi anthu awiri aja a m'makutu. Pakamwa panga pankatha kukhala sabata yathunthu osatulutsa liwu la kwathu.

Ankolo anali ndi chizolowezi chimodzi chondinyansa. Tikamakamba za mpira, za nyengo, za makhansala osakonza chikepe, nyumba inkakhala chete. Koma nkhani ikangolowera kumudzi, kwa anthu akale ndi zaka zija, ankadzuka, kupita pazenera pamene panali wailesi yakuda yakalekale, kuitsegula mokweza, n'kubwera kudzakhala pafupi nane ndi kulankhula motsitsa. Sankasankha n'komwe siteshoni. Kaya ndi mpikisano wa akavalo, kaya ndi mzungu wolosera mvula, zonse zinali bwino.

"Ankolo, mukufuna ndimvere inu kapena mzunguyo?"

"Makutu uli nawo awiri. Sendera."

Ndinkangoti ndi ukalamba.

Tsiku lina m'basi anthu anga awiri aja analengeza kuti akufuna omvera ajambule mawu a munthu wamkulu wa kwawo, akufotokoza mmene anachokera kumudzi ndi mmene anafikira m'dziko lino. Zabwino adzaziulutsa, zina adzaziika pa bulogu yawo ya pa intaneti pamodzi ndi chithunzi. Ndinaimitsa podikasitiyo n'kubweza kuti ndimvenso. Kwa nthawi yoyamba chisiyireni sukulu ndinafuna kanthu. Ndinafuna kuti mkazi woseka uja apinde lilime atchule Malawi. Ndinafunanso china, ndipo sindibisa: anzanga akale a ku Greenwich onse ankamvera podikasiti imeneyo, aphunzitsi omwe. Ndinafuna amve dzina langa ali m'kalasi mwawo momwemo.

Lamlungu ndinawauza Ankolo.

"Mawu anga azungu akawatani?"

"Si azungu. Ndi anthu akuda ngati ife."

"Ngati ife? Kwawo ndi kwa mfumu yani?"

"Ankolo, musandivute. Mungofotokoza zimene mumandiuza kale."

Anatafuna chinangwa nthawi yaitali akundiyang'ana. Sindikudziwa chimene anaona pankhope panga. Mwina anali asanandionepo ndikufuna chinthu. Anati, "Chabwino, poti ndiwe."

Sabata yotsatira ndinabwera ndi kamaikolofoni kolumikiza ku foni ndi mahedifoni anga a ku sukulu. Ndinawapeza atavala tayi yatsopano, tsitsi atalipesa ndi mafuta. Ndinatseka zenera. Ndinazula firiji kukhoma.

"Nyama ikawola udya wekha," anatero.

Ndinaika foni patebulo pakati pa makapu, ndinadina, kadontho kofiira kanayaka. Anakayang'ana kadonthoko ngati njoka yalowa m'nyumba, komabe anakhala mowongoka. Ananena dzina lawo, mudzi wawo, sukulu ya mishoni imene anaphunzira. Mawu awo m'mahedifoni anali okoma, olemera, oyera ngati madzi a pachitsime. Ndinadziwa kuti izi aziulutsa.

Kenako ndinafunsa. "Nanga munachoka bwanji?"

Anadzuka. Mpando unakhuluzika. Anapita pazenera, anatsegula wailesi, ndipo mzungu wina anayamba kukuwa za akavalo. Anabwerera, anasendeza mpando kufupi ndi ine, kutali ndi foni, n'kuyamba kunong'ona.

"Ankolo, sizikumveka."

Anapitiriza ngati sanamve. M'mahedifoni munali akavalo okhaokha. Ndinadikira pang'ono, koma ine kudikira sindikutha. Ndinavula mahedifoni, ndinapita pazenera, ndinazimitsa wailesi ija, ndipo kuti asaitsegulenso ndinazula chingwe chake kukhoma.

Chete amene anagwa m'nyumbamo ndinali ndisanamumvepo. Firiji zii, zenera lotseka, wailesi zii. Chete weniweni amene aphunzitsi anga akanamuyamikira. Ankolo anayang'ana zenera, anayang'ana chitseko, kenako kadontho kofiira kaja. Manja anawaika pamaondo.

"Wakutuma ndani?"

Ndinaseka. Ndinaganiza kuti ndi nthabwala zawo zija. Nditaona kuti sakuseka, mkwiyo unandikwera.

"Ankolo, zinthu zimenezo zinatha ine ndisanabadwe. Palibe amene akukusakani. Palibe amene akudziwa n'komwe kuti mulipo."

Kenako anaimirira, anakonza tayi, anatsegula chitseko.

"Tengani chinthu chanu, mayi. Muyende bwino."

Chidziwireni, anali asananditchulepo inu. Ndinatola zinthu zanga, ndinavala nsapato pakhonde, chitseko chinatsekeka, loko analira. Ndisanafike pansi pa masitepe ndinamva akavalo aja ayambanso.

Lamlungu lotsatira ndinaliza belu. Wailesi inkamveka mkati, koma palibe anatsegula. Linzakenso chimodzimodzi. Ndinati zawo zimenezo, sindingagwadire nkhalamba yoopa mizukwa. Ndinasiya kupita.

Koma Lamlungu mu London ndi lalitali. Ndinkadzuka, kuchapa yunifolomu, kuyang'ana denga, kenako kukwera basi yopita ku Tottenham chifukwa miyendo inali itazolowera. Ndinkayenda mumsewu waukulu uja kudutsa matchalitchi a pamwamba pa mashopu, kumene ng'oma ndi makiyibodi zinkatuluka m'mazenera, azimayi a mipango yonyezimira akutsika ndi miphika yokutira. Aliyense anali ndi kolowa. Ndinagula chinangwa kamodzi kwa mayi wa ku Lusaka uja, ndinakachiphika m'khitchini ya nyumba imene ndinkachita lendi, ndipo mnyamata wa ku Romania wa chipinda choyandikana anafunsa ngati ndi sopo. Ndinadya nditaimirira.

Podikasiti ndinkaimverabe, koma ndinasiya kuiyankha. Awiri aja ankakumbutsa omvera kuti nthawi yotumiza ikutha. M'foni mwanga ndinali ndi zimene ndinajambula zija: dzina, mudzi, sukulu ya mishoni, mpando kukhuluzika, akavalo, kenako thi, chete, ndi funso lija. Ndinkazimvera mobwerezabwereza. Ndikanatha kudula gawo loyamba n'kulitumiza, linali loyera. Chala chinkafika pomwepo n'kubwerera. Chimene chinkandiletsa sichinali chisoni. Kunali kupuma kwawo. M'chete uja maikolofoni inagwira mmene ankapumira, mofulumira, ngati munthu amene wathamanga.

Mwana wawo ndinakumana naye pamalo okwerera basi pafupi ndi chipatala, tonse titaweruka shifiti ya m'mawa. Tinali titaonanapo kunyumba kwa bambo ake. Iye ankalankhula Chingerezi, ine ndinkayankha Chichewa mwadala.

"Ndiwe unazimitsa wailesi ya adadi," anatero.

"Inkasokosa."

"Ndikudziwa kuti imasokosa. Ndinakula nayo. Homuweki yanga yonse ndinalembera m'phokoso limenelo. Anzanga ankaganiza kuti adadi ndi ogontha. Alendo a ku Malawi akangofika, wailesi mmwamba, nthawi zina ndi mpope wa m'bafa womwe. Amayi anakhala nawo zaka zonse zija osaigwirapo."

"Chifukwa chiyani?"

Anagwedeza mapewa. "Adadi ankati pakati pa othawa omwewo panali akazitape. Kupitirira apo sanandiuzepo. Ine ankangondiuza kuti ndikhoze mayeso." Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, yunifolomu yanga yonunkha anyezi. "Iwe amakuuza zinthu zimene ine sindinazimvepo. Ukudziwa kuti zimandiwawa?"

"Phunzirani kuyankha m'Chichewa."

"Pakamwa pako mpoipadi." Basi yake inali ikubwera. Anatulutsa khadi. "Loweruka lililonse akumagulabe chinangwa. Lolemba amandipatsa ine, ndipo ana anga sadya zimenezo. Pita ukadye chinangwa chako. Foni yokhayo asaione."

Ndinapita Lamlungu lomwelo. Sindinalize belu. Ndinagogoda ndi dzanja n'kukuwa ngati kwathu.

"Odi! Odi kuno! Ndine wa ku Ndirande!"

Patapita nthawi chitseko chinatseguka pang'ono, tcheni chili chomanga. Diso limodzi linandiyang'ana. Ndinavula nsapato iwo akuona. Ndinatulutsa foni m'thumba, ndinaizimitsa, ndinaiponya mu nsapato yakumanzere, ndipo nsapatozo ndinazikankhira kukhoma la pakhonde.

"Aba imeneyo," anatero.

"Aibe."

Tcheni chinamasuka. Sindinapereke moni. Ndinadutsa pabalaza, ndinapita pazenera, ndinatsegula wailesi ija n'kupotokola mpaka kumapeto. Kunali mpira. Makapu anayamba kunjenjemera pa shelefu.

"Tsitsa pang'ono, iwe! Aneba aitana apolisi."

Ndinatsitsa pang'ono. Anapita kukhitchini, anabwera ndi tiyi ndi mbale ya chinangwa chimene chinali chitaphikidwa kale. Tinayamba kudya. Ndinali nditakonza mawu opepesa m'basi, koma anandikanika kutuluka, ndipo iwo sanawafunse. Atamaliza kapu yawo anasendeza mpando.

"Sendera," anatero.

Anati amayi awo sankadziwa kuwerenga. Ndiye othawa ambiri ku Lusaka nthawi imeneyo ankajambula mawu pa kaseti n'kupatsira madalaivala a malole opita kumudzi. Nawonso anabwereka wailesi ya kaseti kwa mnzawo. Anadikira tsiku limene anzawo a m'nyumba anachoka onse. Anatseka chitseko, anatseka zenera, anathamangitsa ana amene ankasewera panja, kuti amayi awo akamve bwino liwu lililonse. Anapereka moni kwa onse mmodzimmodzi, anaimba nyimbo ya kutchalitchi imene amayiwo ankaikonda, anawauza kuti akudya bwino. Kumapeto anawonjezera kuti asadandaule, zinthu zidzasintha, adzabwera.

Pa kasetiyo analembapo dzina la mng'ono wawo, mphunzitsi wa pulayimale, chifukwa ndiye anali ndi wailesi yoti akaimbire amayi.

Apa wina anagoletsa chigoli. Wolengeza anakuwa, bwalo lonse linakuwa, ndipo ndinaona milomo ya Ankolo ikuyenda osamva kanthu. Sindinawauze kuti abwereze. Phokoso litatsika, kaseti ija inali itagwidwa kale pa rodibuloko, ndipo mng'ono wawo anali atatengedwa ali m'kalasi, choko chili m'manja.

Apolisi anamusunga zaka popanda mlandu. Anthu amene anali naye m'ndende anadzawauza Ankolo pambuyo pake kuti ankamuitanira m'chipinda n'kumuimbira kaseti ija, kumufunsa kuti zinthu zidzasintha bwanji, ndipo adzazisinthe ndani. Anatuluka wopanda mano akutsogolo, mwendo umodzi akuukoka. Amayi awo anali atamwalira osaimva kasetiyo. Zinthu zitasinthadi, Ankolo anapita kumudzi. Mng'ono wawoyo anawalandira, anawaphera nkhuku, anawayalira pogona. Koma Ankolo akayamba kulankhula, iye ankadzuka n'kutuluka panja.

"Sanandide," anatero. "Mawu angawa ndi amene sankatha kuwamva."

Anatola kachidutswa ka chinangwa, anakayang'ana, anakabweza m'mbale.

"Ndinajambula bwino, mwana wanga. Panalibe phokoso ngakhale pang'ono. Liwu lililonse linamveka."

Ku yunivesite anatiphunzitsa mafunso ofunsa munthu akamaliza kunena chinthu chowawa, koma onse anali opusa. Ndinagwira mbale.

"Chinangwachi chazizira."

"Wachedwa ndiwe."

Pochoka ndinapeza nsapato zanga zili pomwepo, foni ili mkati. Ndili pamasitepe ndinaiyatsa, ndinapeza zojambula zija, ndinazifufuta zonse, ndi gawo loyera lija lomwe.

Pulogalamu ija inatuluka patapita milungu ingapo. Ndinaimvera m'basi popita ku ntchito, mvula ikumenya magalasi. Panali agogo aakazi a ku Jamaica ofotokoza za sitima ya pamadzi ndi kuzizira, bambo wa ku Ghana amene anafika ndi sutikesi yodzaza tsabola, mayi wa ku Somalia amene analira pakati pa nkhani. Zonse zinajambulidwa bwino. Wina aliyense anali atazimitsa firiji yake. Mkazi woseka uja anathokoza adzukulu onse potchula mayina awo, ndipo ena mwa mayinawo mwina anali a ku Greenwich, sindikudziwa. Malawi sanatchulidwe. Ndinakwiya kuyambira pamenepo mpaka pageti la fakitale, kenako ndinavala chipewa ndi magolovesi n'kuyamba kupakira.

Ndinawafunsa Ankolo ngati ndingalembe zimenezi. Anaganiza kaye, wailesi ikulosera mvula.

"Pepala silituluka mawu," anatero. "Lemba. Koma dzina usatchule, la ine kapena la iye. Mudzinso ayi."

"Ndani awerenge, Ankolo? Ndi Chichewa."

"Ndiye bwino."

Mwana wawo sindinamuuze. Si ine woyenera kumuuza, ndipo akandiona pa basi amangondigwedezera mutu. Mayi anga akufunsabe za yunivesite. Masiku ena onse a sabata sanasinthe: fakitale, basi, chipinda, ndi anthu awiri aja amene ndayambanso kukangana nawo. Lamlungu ndimakwera masitepe, ndimavula nsapato, foni ndimaiponya kumanzere. Wailesi ndimatsegula ndine ndisanakhale pansi. Makutu a Ankolo ayamba kufooka ndipo mawu awo akutsikiratsikira, moti zambiri zimene amanena zimapita ndi akavalo. Ndimangosendeza mpando.